Mmene ndinasankhira nsambo zatsopano za ukulele wanga wa baritone

Pa baritone, nsambo yomwe imayamba kutha nthawi zambiri ndi ya D, yonenepa ija yokhala kumtunda. Yanga inayamba kuda, kenako kawaya kokulungako kanayamba kumasuka pa fret yachiwiri (ma fret ndi timizere tachitsulo topingasa pa khosi la ukulele), pomwe chala chimakhalitsa. Zinazo zinali zisanaduke koma mawu anali atafa kale, moti ndinaganiza zosintha zonse zinayi. Nsambo yatsopano pakati pa zakale imalira yokha ngati mwana wobwera m'kwaya ya agogo.

Choyamba, paketi yongolembedwa kuti "ukulele" basi si yanu. Ukulele alipo amisinkhu inayi yodziwika: soprano, concert, tenor ndi baritone. Atatu oyambawo amatchunidwa G, C, E, A. Baritone ndi wamkulu pa onsewo, ndipo anabwera mochedwa, cha m'ma 1940 ku America, patapita zaka zambiri Apwitikizi a ku Madeira atafika ku Hawaii mu 1879 ndi timagitala tawo tomwe tinabala ukulele. Baritoneyu amatchunidwa D, G, B, E, ndendende ngati nsambo zinayi zazing'ono za gitala. N'chifukwa chake ife ozolowera gitala timamukonda: zala zimagwira malo omwewo. Mukagula nsambo za tenor, mupeza kuti mwina n'zazifupi, ndipo ngakhale zitafika, zidzangoti lendelende mukazitsitsira ku D, G, B, E.

Ndisanayang'ane mitengo ndinayamba ndadzifunsa kuti ndikufuna katchunidwe kotani. Njira zake zilipo zitatu. Yofala ndi ya D wotsika, pomwe mawu amakwera mwadongosolo kuchoka ku besi kupita ku nthetemya. Yachiwiri ndi ya D wokwera, pomwe nsambo ya kumtunda ija imakhala yopyapyala, mawu ake n'kukhala pamwamba pa G ndi B. Kaliridwe kake kamafanana ndi ka ukulele wamng'ono. Yachitatu n'kutchuna baritone ku G, C, E, A, koma izi zimafuna nsambo zake zopangidwira zimenezo. Musayese kukunga nsambo za D, G, B, E mpaka zifike pamenepo, mudzadula nsambo kapena kuzula bridge, kathabwa ka pa thupi la ukulele pomwe nsambo zimamangidwa. Kampani ya Aquila ili ndi mapaketi awiri amanambala oyandikana: 21U ndi ya D, G, B, E, pomwe 23U ndi ya G, C, E, A. Pa foni zithunzi zake zimaoneka zofanana, ndiye werengani zilembo. Ine ndimaimbira anthu oimba pakamwa, ndimafuna besi yowagwiriza, choncho ndinakhala pa D wotsika.

Kenako ndinatenga tepi yoyezera. Chofunika ndi kutalika kwa gawo la nsambo lomwe limanjenjemera, kuyambira pa nut, kafupa kamipata ka kumutu kaja, kufika pa saddle, kafupa ka pa bridge. Njira yachidule n'kuyeza kuchoka pa nut kufika pa fret ya 12, n'kuchulukitsa kawiri. Ma baritone ambiri amakhala pa mainchesi 19 mpaka 20, kapena kuti masentimita 48 mpaka 51, pamene tenor amakhala cha pa mainchesi 17. Wanga anali kufupi ndi 19. Izi zili ndi ntchito, chifukwa nsambo yomweyo imakhala yokhwepa pa chida chachifupi kusiyana ndi chachitali. Ndinayang'ananso bridge kuti ndione kamangidwe kake: ena nsambo imapisidwa pa bowo n'kudzikulunga yokha ngati pa gitala wa classical, ena mumamanga mfundo n'kuikodza pa kampata.

Pomwe ndinataya nthawi ndi pa chopangira nsambozo. Nayiloni ndiye wakale, anayamba kulowa m'malo mwa matumbo a nkhosa pa magitala m'ma 1940. Mawu ake ndi ofatsa, pa chala ndi wofewa, koma amatamuka kwambiri ndipo amamva nyengo: chinyezi cha dzinja kapena kutentha kwa Okutobala kumamusuntha, mumangokhalira kutchuna. Fluorocarbon ndi yemwe uja amapangira chingwe chowedzera nsomba chosaoneka m'madzi. Ndi wolemera kuposa nayiloni, pafupifupi magalamu 1.8 pa kiyubiki sentimita pomwe nayiloni ali cha pa 1.1, choncho nsambo yake imakhala yopyapyala kuti ipereke mawu omwewo. Imalira mowala, mawu amakhalitsa, ndipo madzi saiopsa kwenikweni. Worth ya ku Japan ndi Living Water ya ku Britain amagulitsa zotere. Paketi ya Worth imabwera ndi nsambo zazitali zoti mudule pakati n'kupeza maseti awiri, zomwe zimachepetsa ululu wa mtengo wake. Palinso Nylgut wa Aquila, wopangidwa ku Italy motsanzira kaliridwe ka matumbo, woyera ngati mkaka ndi waphokoso ndithu. Pa ukulele wotchipa wa pulayiwudi ngati wanga, phokoso limeneli limathandiza.

Funso lenileni pa baritone ndi la nsambo ziwiri za besi: zokulungidwa ndi kawaya kapena zosakulungidwa? Kuti nsambo yaifupi chonchi ifike pa D wotsika, iyenera kulemera. Opanga amakulunga kawaya kopyapyala kachitsulo, nthawi zambiri kamkuwa, pa ulusi wa nayiloni. Zotsatira zake ndi besi yomveka bwino, koma chala chikamatsetsereka pamamveka tswii, ndipo thukuta ndi ma fret zimazidya msanga. Zosakulungidwa zilibe phokosolo ndipo zimakhalitsa, koma D wake ndi wonenepa, nthawi zina sakwana pa kampata ka nut mpaka mutakakuza ndi fayilo, ndipo pa chida chachifupi amatha kumveka ngati wagwidwa chimfine. Pa mainchesi anga 19 sindinafune kuchita juga imeneyo. Ndinatenga 21U, yomwe D ndi G wake ndi zokulungidwa. Tswii uja ndinavomera kukhala naye. Anthu akamaimba palibe amamumva.

Kwathu kuno mashopu a zoimbira amakhala ndi nsambo za gitala kuposa za ukulele, osanena za baritone. Zanga ndinachita kuitanitsa pa intaneti kudzera mwa m'bale wobwera kuchokera ku Johannesburg. Ngati mulibe njira yotere, gulani seti ya gitala wa classical ya nayiloni, koma musatenge D, G, B, E yake monga mmene mutu ungakuuzireni. Gitalayo ndi wa masentimita 65, ndiye nsambozo zikabwera pa masentimita 49 zimakhwepa. Tengani zapakati zinayi: ya A ikhale D, ya D ikhale G, ya G ikhale B, ya B ikhale E. Chifukwa chake n'chosavuta. Mukadina gitala pa fret ya 5, gawo lotsalalo ndi masentimita pafupifupi 49, ndipo nsambo zinayizo zimalira D, G, C, E, kusiyana pang'ono chabe ndi zomwe mukufuna. Sankhani zolembedwa kuti normal kapena light tension, osati hard, chifukwa baritone thupi lake ndi lopepuka. Nsambo zachitsulo za gitala wa acoustic zokha ayi. Mabanjo opanga tokha amapirira mawaya a buleki ya njinga, koma bridge ya ukulele ndi yongomata ndi guluu, idzanyamuka.

Poika, ndinkachotsa imodzi n'kuika imodzi, kuti saddle isagwe kapena kutembenuka, komanso kuti ndizionera kamangidwe pa yoyandikana nayo. Nsambo zosalala ndinazikulunga katatu pa bridge, zokulungidwazo kawiri, poti izo zimagwira zokha. Kumutu ndinasiya mpata woti nsambo izungulire kachitsulo kokungira katatu kapena kanayi, mizere ikutsikira m'munsi osakwerana. Zokulungidwa musazipinde mwamphamvu pa ngodya, ndipo musadule zotsala mpaka nsambo itakhazikika. Mu timipata ta nut ndinapakamo pensulo kuti nsambo izitsetsereka osagwira.

Kenako pamabwera nthawi yotopetsa. Nsambo zatsopano zimatamuka, mumatchuna pano, mukamaliza nyimbo zatsika kale. Si kuti mwagula zabodza. Zokulungidwa zimakhazikika msanga, zosalala zimatha sabata kapena kuposerapo. Ndinkagwiritsa ntchito tuner ya pa foni, n'kumatchuna nthawi iliyonse ndikadutsa pafupi, osazikoka mwankhanza ndi dzanja chifukwa kutero kumatha kupyapyalitsa nsambo malo amodzi. Zitakhazikika ndinayesa iliyonse: kuiliza yosadina, kenako kudina pa fret ya 12. Tuner iyenera kuonetsa chilembo chomwecho, singano ili pakati kapena kufupi. Ngati nsambo imodzi yokha ikuphonya kwambiri pomwe zinazo zili bwino, kawirikawiri vuto ndi nsamboyo, osati chida. Paketi yopanda kanthuyo ndinaiika m'chikwama cha ukulele nditalembapo mwezi womwe ndinasintha, ndipo poitanitsa ulendo wina ndidzawonjezera D wapadera mmodzi, poti amagulitsidwanso payekha.