Mankhwala a chiwindi amatengera chimene chachiwononga

Abale a ku Mchinji, maso achikasu ndi mimba yotupa si ufiti, kayezetseni magazi kuchipatala. Akapeza hepatitis B (matenda a chiwindi obwera ndi kachilombo) yofunika mankhwala, amapereka tenofovir: piritsi limodzi la 300 mg patsiku, nthawi zambiri moyo wonse. Musasiye nokha, kachilombo kamadzuka mwaukali. Muyezetsenso HIV musanayambe, chifukwa tenofovir yekha angapangitse HIV kusamva mankhwala. Hepatitis C imachizika, mapiritsi a masabata 12. Likodzo nalonso limawononga chiwindi, mankhwala ake ndi praziquantel, molingana ndi sikelo yanu.

Mimba ikadzaza madzi chepetsani mchere. Adokotala amapereka spironolactone, mankhwala ochepetsa madzi m'thupi, nthawi zina amapopa madziwo. Kachasu ndi zitsamba zosadziwika lekeranitu. Ndipo mtedza wachuku uja timaupatula pogulitsa n'kusinja nsinjiro zapakhomo, tayani ndithu, umayambitsa khansa ya chiwindi.