Lipoti la ulendo wathu wokacheza kwa anzathu oyenda ndi agalu otonthoza odwala

Anzanga nonse a m'gulu lathu, makamaka inu amene munatsala, mwakhala mukundifunsa mmodzimmodzi kuti ulendo uja unayenda bwanji, ndipo ndamva kuti aliyense amene anapita akuufotokoza mwakemwake. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe zonse pamodzi tisanayambe kutsutsana pa zimene zinachitikadi. Tinapita kwa gulu linzathu lija, limene lakhala zaka zambiri likulowa ndi agalu m'zipatala, m'nyumba zosamalira okalamba ndi m'masukulu. Tinatenga agalu atatu: Chimwemwe wa mayi wapampando, Tsabola wa bambo msungichuma, ndi Mfumu wa achemwali athu aphunzitsi, nkhalamba yathu ya imvi kukamwa imene nonse mukudziwa kuti ndiyo inayambitsa gululi limodzi ndi mbuye wake.

Usiku woti mawa tinyamuka aliyense anasambitsa galu wake, kumupesa, kumuwenga zikhadabo ndi kumupukuta m'makutu, chifukwa anzathuwo anatiuziratu kuti kwa iwo galu salowa kwa odwala ngati padutsa maola 24 chisambireni. Bambo msungichuma anatitumizira chithunzi cha Tsabola ali mbee, ubweya uli pepepe, n'kulemba kuti tiwaonetse galu wina waukhondo woposa ameneyu.

Titayenda kamtunda ndithu, achimwene athu oyendetsa galimoto anaima pamthunzi kuti agalu amwe madzi ndi kudzithandiza. Apa m'pamene panachitikira nkhani imene yamveka mitundumitundu, ndiye zoona zake ndi izi. Bambo msungichuma sanataye chingwe monga ena akunenera. Chingwe chinali m'manja mwawo nthawi yonse. Lamba wa m'khosi ndiye anali wokhwepa, ndipo Tsabola atanunkhiza mphepo anabwerera cham'mbuyo, mutu n'kupulumuka, iye liwiro kulowa m'tchire. Kumeneko anapeza chinthu chakufa kale, chowola, n'kudzigwetsapo chagada, miyendo m'mwamba, kugubuduka uku ndi uku mosangalala zedi. Ndiyenera kumuchitira umboni galu ameneyu pa chinthu chimodzi: mbuye wake atamuitana, anadzuka n'kubwera yekha molunjika. Koma anabwera ndi zonse.

Fungo limene tinayenda nalo silofotokozeka. Mawindo onse anatsegulidwa. Mayi wapampando anamanga mpango pamphuno, mwana wathu wojambula zithunzi anatuluka misozi, ndipo Chimwemwe ndi Mfumu ndi okhawo amene ankaoneka kuti akumusirira mnzawo. Bambo msungichuma anakhala kumbuyo kwenikweni atamufungata Tsabola m'thawulo, akumuuza chapansipansi kuti wawachititsa manyazi. Achimwene oyendetsa anati galimoto yawo yanyamula zinthu zambiri pa moyo wake koma izi n'zachilendo, ndipo kuyambira pamenepo mawu oti "izi n'zachilendo" sanachoke pakamwa pathu mpaka kubwerera.

Anzathuwo anatilandira ndi ndowa za madzi ofunda tisanamalize n'komwe kupatsana moni. Amayi achikulire amene amatsogolera gululo, amene tonse tinangoyamba kuwatchula kuti agogo, anaseka n'kunena kuti palibe mwini galu amene zimenezi sizinamuchitikirepo. Anatulutsa sopo wa agalu, n'kutikumbutsa kuti sopo wa anthu amaumitsa khungu la galu n'kumuyabwitsa. Anamusambitsa Tsabola kawiri, kenako anagwira lamba uja n'kuwaonetsa bambo msungichuma kamangidwe kake: pakati pa lamba ndi khosi pazingolowa zala ziwiri basi. Komabe anagamula kuti Tsabola salowa kwa okalamba tsiku limenelo. Bambo msungichuma zinawawawa, koma anavomera mwaulemu.

Pa maphunziro a m'chipinda tinamva mbiri ya ntchitoyi. Anatiuza za Boris Levinson, katswiri wa maganizo a ana wa ku America, amene anaona kuti mwana wosafuna kulankhula ankamasuka galu wake Jingles akakhala m'chipindamo, n'kulemba za zimenezi mu 1962. Anatchulanso namwino Elaine Smith amene anayambitsa bungwe la Therapy Dogs International mu 1976, bungwe la Delta Society la mu 1977 limene lero limatchedwa Pet Partners, ndi la Pets As Therapy la ku Britain la mu 1983. Anatsindika kuti galu wotonthoza si galu wotsogolera munthu wosaona: uyo amatumikira munthu mmodzi ndipo sayenera kusokonezedwa ali pa ntchito, pamene wathuyu amapita kumene waitanidwa kuti anthu ambiri amusisite. Malamulo amene amatsatira ndi ofanana ndi a Pet Partners: galu akhale atakwanitsa chaka chimodzi, atakhala ndi mbuye wake miyezi isanu ndi umodzi, ayesedwenso pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo asagwire ntchito kupitirira maola awiri pa tsiku. Mlembi wathu analemba zonse ndipo kope lili ndi iye.

Masana tinapita kunyumba ya okalamba, ndipo ndikufuna ndikhalitse pano chifukwa n'kumene kunachokera mkangano.

Pakhomo aliyense anasamba m'manja, ndipo anamwino ankapereka mankhwala opaka m'manja kwa wokalamba aliyense asanagwire galu komanso akamaliza. Amene ankafuna kuti galu aike mutu pabedi ankawayalira kansalu koyera, kena kwa munthu aliyense. Chimwemwe anachita bwino kwambiri. Anadutsa pafupi ndi zikuku ndi ndodo zoyendera osatekeseka, ndipo atapeza kambewu ka mankhwala katagwera pansi pa mpando, mayi wapampando anangoti "siya", iye n'kutembenuza mutu. Agogo anawomba m'manja, n'kutiuza kuti pa mawu onse amene galu wotonthoza amaphunzira, amenewa ndiwo amapulumutsa moyo wake, chifukwa mankhwala wamba a anthu monga ibuprofen angathe kumuwononga impso ndi m'mimba.

Mfumu anachita zimene amachita nthawi zonse. Anapita yekha kwa bambo wina wokalamba amene anakhala payekha pakona, n'kuika chibwano pabondo pawo. Anamwino anatinong'oneza kuti bambowo salankhula kawirikawiri. Bambowo anayamba kumusisita Mfumu kuseri kwa khutu, kenako anayamba kumuuza za galu amene anali naye ali mnyamata, dzina lake, mtundu wake, ndi mmene ankawadikirira panjira. Achemwali aphunzitsi anagwada pambali, maso ali jenjenje. Okalamba ena anayamba kusendeza mipando kuti nawonso afikiridwe.

Mfumu atacheza ndi anthu angapo, agogo anawagwira achemwali paphewa n'kunena chapansipansi kuti, "Mwanangu, m'tulutseni galu wanu, watopa." Achemwali anadabwa. Panali patangopita mwina theka la ola, mchira unali kugwedezeka, ndipo panali amayi awiri amene anali asanamugwire. Komabe anamvera n'kutuluka naye. Mmodzi wa amayiwo anatambasula dzanja Mfumu akudutsa, ndipo ife tonse zinatikhudza.

Madzulo nkhani inabuka. Bambo msungichuma anati sizinawakomere. Anati tayenda ulendo wautali chifukwa cha anthu amenewo, lamulo likulola maola awiri, galu sanauwe, sanalume, nanga bwanji kuwamana amayi okalamba kamphindi kochepa chabe? Anyamata athu awiri anagwirizana nawo, mmodzi n'kuwonjezera kuti Mfumu timamudziwa ife, osati munthu amene wamuona tsiku limodzi. Mawu amenewo analemera, ndipo mayi wapampando anamupempha mnyamatayo kuti alankhule bwino pamaso pa akulu, iye n'kupepesa. Achemwali aphunzitsi anangokhala chete.

Agogo sanakwiye. Anapempha mwana wathu wojambula kuti ationetse kanema amene anajambula pafoni, n'kumamuimitsa pang'onopang'ono. Apa Mfumu akuyasamula, koma si tulo. Apa akunyambita mphuno mobwerezabwereza popanda chakudya pafupi. Apa watembenuzira mutu kumbali dzanja likubwera, mbali yoyera ya diso ikuoneka. Apa akupuma mwawefuwefu m'chipinda chozizira bwino. Apa wayang'ana kukhomo, kenako kwa mbuye wake, kenako kukhomonso. Mchira unali kugwedezekadi, koma uli pansi, mothamanga ndi mouma. Anati maola awiri ndi malire osayenera kudutsidwa, si muyezo woti galu aliyense aukwanitse, ndipo galu wokalamba amene wayenda m'galimoto m'mawa wonse amatopa msanga. Anatinso galu wofatsa ngati Mfumu ndiye wofunika kumuyang'anitsitsa, chifukwa amapirira osadandaula. Akaona kuti zizindikiro zake zazing'ono sizikumveka, tsiku lina adzalira mwaukali kukhosi, ndipo akadzakalipidwa chifukwa cha kulirako adzaphunzira kuti kuchenjeza n'kulakwa, n'kusiya kuchenjeza.

Ine maganizo anga ndiwanena poyera: agogo analondola. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife m'chipinda muja maso athu onse anali pa okalamba, palibe amene ankayang'ana galu. Wodwala ali ndi namwino, ali ndi abale, ali ndi pakamwa ponenera kuti basi. Galu ali ndi mbuye wake yekha. Munthu wogwira chingwe ntchito yake yoyamba ndi galuyo. Bambo msungichuma sanali olakwa pomvera chisoni amayi aja, ndipo mtima umenewo ndi umene unatisonkhanitsa tonse. Koma tikamukakamiza Mfumu lero, mawa adzakana kutsika m'galimoto pakhomo pa nyumba yoteroyo, ndipo amene adzamanidwe adzakhala ambiri kuposa awiri. Achemwali atalankhula pomaliza anati akhala akuona Mfumu akugona tsiku lonse akabwera kokacheza, nthawi zina osadya n'komwe, ndipo ankaganiza kuti ndi ukalamba chabe. Bambo msungichuma anakawagwira chanza agogo. Ndipo kuti mudziwe, amayi awiri aja sanaiwalike: m'mawa mwake Chimwemwe anayambira kwa iwo.

Pa chakudya cha usiku umenewo panachitika kena. Achimwene oyendetsa, amene amati sakonda agalu, anagwidwa akupatsira Chimwemwe makombo pansi pa tebulo. Mayi wapampando anakuwa dzina lawo lonse, n'kumulanda galu mbaleyo chifukwa munali anyezi. Achimwene anaphunzitsidwa pompo kuti anyezi ndi adyo amawononga magazi a galu, kuti mphesa zingamuphe impso, kuti chokoleti ndi poizoni kwa iye, ndi kuti mafupa ophika amasweka n'kumubaya m'matumbo. Anangoti, "Izi n'zachilendo," chipinda chonse n'kugwa ndi phwete. Pomwepo tinamvanso kuti agalu a gululo sadyetsedwa nyama yaiwisi, poopa kunyamula tizilombo ngati salmonella kupita nato kwa anthu ofooka m'thupi. Amene mumadyetsa yaiwisi, nkhaniyi tidzaikambirana.

Ine ndinagona kwa agogo, ndipo ndinaona m'mawa wa galu wawo. Amayamba ndi kuyenda naye mosathamangira, kumulola kununkhiza paliponse pamene akufuna. Pobwera amamupapasa thupi lonse, m'makutu, m'khwapa ndi pakati pa zala, kufunafuna nkhupakupa, zilonda kapena chotupa. Amamutsuka mano ndi mankhwala a agalu. Zikhadabo amazisalaza bwino akaziwenga, chifukwa khungu la munthu wokalamba limang'ambika msanga. Ali ndi kabuku kolembamo katemera wa chiwewe, mankhwala a njoka za m'mimba ndi a utitiri, komanso tsiku lililonse limene galu wagwira ntchito ndi mmene anaonekera pobwera. Kajekete ka ntchito amamuveka pakhomo pa kumene akukacheza, n'kumuvula akangotuluka. Tsiku lotsatira ndi lopuma, ndipo akagona sadzutsidwa, pakuti galu wamkulu amagona maola 12 mpaka 14 pa tsiku. Ndinaonanso galu wawo wakale amene anamupumitsa ntchito miyendo itayamba kumuwawa. Amamupesabe tsiku ndi tsiku ngati akupita kokacheza.

Tsabola anadzichotsera manyazi tisananyamuke. Anamuyesa pamaso pathu: anagwetsa beseni lachitsulo kumbuyo kwake, anamudutsitsira chikuku pafupi, anthu angapo anamuzungulira n'kumamugwira nthawi imodzi, wina akulankhula mokuwa. Anadzidzimuka pa beseni paja, n'kuyang'ana mbuye wake, n'kukhazikika. Agogo anati ndi galu wabwino, kungoti asiye kulumphira anthu powapatsa moni. Bambo msungichuma anayenda monyadira mpaka kugalimoto.

Zikomo kwambiri agogo ndi gulu lanu lonse chifukwa cha malo ogona, ndowa zija, ndi kuleza mtima kwanu. Zikomo anamwino ndi okalamba amene munatitsegulira khomo. Zikomo mayi wapampando potigwirizanitsa mawu atatentha, ndipo mpango uja musautaye. Zikomo achimwene oyendetsa, tikudziwa tsopano kuti mumawakonda agalu, ndipo gulu lavomera kulipira kutsukitsa mipando. Zikomo mlembi, zikomo mwana wathu wojambula chifukwa kanema wako ndiye anathetsa mlandu. Zikomo achemwali aphunzitsi pomvera pamene kunali kovuta kumvera. Zikomonso inu otsala amene munasamalira agalu athu ena kunyumba.

Tinagwirizana pobwerera kuti pa kucheza kulikonse pazikhala munthu mmodzi woyang'ana agalu okha, ndi kuti Mfumu akaonedwe ndi dokotala wa ziweto asanapitenso kokacheza, kenako azicheza nthawi yochepa ndi anthu ochepa. Pa msonkhano ukubwerawu aliyense abwere ndi galu wake, khadi la katemera, kabuku katsopano ndi lamba wa m'khosi kuti tiyeze zala ziwiri zija. Anzathuwo avomera kudzabweza ulendo, choncho amene muli ndi malo ogoneka mlendo ndi galu wake mukalembetse kwa mlembi.