W ija inandidyera ndalama kuposa F: za kusiya kozi uli pa GI Bill

Ngongole imene inabwera nditasiya makozi awiri temu ili pakati ndathana nayo sabata ino, ndiye ndilembe mtima ukadali wotentha. Izi ndi za inu anzanga amene munatuluka usilikali kuno ku America n'kulowa koleji pa Post-9/11 GI Bill, thandizo la boma lolipirira maphunziro a asilikali akale, ija amati Chapter 33. Musanachotse kozi iliyonse, kaonaneni kaye ndi School Certifying Official (SCO) wa pasukulu panu, munthu amene amatumiza za makozi anu ku VA, dipatimenti ya boma yoona za asilikali akale. Osati mlangizi wa maphunziro, osati mphunzitsi. SCO.

Ine ndinalembetsa makozi anayi, makirediti 12, ndiye kuti full-time. Temu ili pakati kuntchito anandisinthira shifiti, makozi awiri a madzulo n'kuyamba kuwombana ndi ntchito. Amati safunsa anadya phula, ndiye ndinafunsa. Mlangizi wa maphunziro anayang'ana pa kompyuta, n'kunena mokoma mtima ndithu kuti, "Musavutike bambo, achotseni awiriwo. Mupeza W, ndipo W siikhudza GPA yanu."

Sananame. Koma poti W, chizindikiro choti unasiya kozi, siikhudza GPA, avareji ya magiredi ako, mbuna ili pomwepo. VA imalipira kozi imene giredi yake ikuwerengedwa. Ukalimbikira mpaka mayeso omaliza n'kulephera, F yakoyo amailipira, ndipo utha kubwereza koziyo. Ukasiyira panjira nthawi ya add/drop (masiku oyamba a temu osinthira makozi) itadutsa, popanda chifukwa chimene iwo amachivomereza, ndalama za kozi imeneyo zimabwezedwa kuwerengera tsiku loyamba la temu, osati tsiku limene unasiya. Koma musanditengere molakwika n'kungosiya kulowa m'kalasi podikira F. Sukulu imatha kunena tsiku limene munaonekera komaliza, nkhani n'kukhala yomweyo.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ndalama ya nyumba imene VA imapereka mwezi ndi mwezi. Imeneyi imabwera pokhapokha ngati ukuphunzira kupitirira theka la full-time. Kupitirira, osati theka lenilenilo. Makirediti 6 pa 12 ndi 50 peresenti ndendende, ndiye ziro. Ndikanatsala ndi 7 bwenzi ndikulandirabe 60 peresenti, ndikanatsala ndi 9 bwenzi ili 80. Kirediti imodzi yokha! Ndalama zimene ndinali nditalipira kale lendi zinasanduka ngongole, kuphatikizapo gawo la ndalama ya mabuku, ija imafika $1,000 pachaka.

Ndaiwala kunena za mwayi uja wa makirediti 6. Ulendo woyamba kusiya kozi, VA imakukhululukira mpaka makirediti 6 osafunsa chifukwa, ndipo umasunga zimene unalandira kufika tsiku losiyalo. Koma ndi kamodzi basi. Ukachotsa kozi imodzi ya makirediti 3, mwayi wonse wapita, atatu otsalawo sakusungira. Wanga unapita chaka choyamba pa kozi ya masamu, ndipo panalibe anandiuza kuti pali chinthu chimene chagwiritsidwa ntchito.

Makalata anabwera awiri, kuchokera mbali ziwiri. Ya ndalama ya nyumba ndi mabuku inachokera ku Debt Management Center ya VA, ku St. Paul, Minnesota. Ya fizi inachokera kusukulu, chifukwa kuyambira pamene lamulo la Isakson and Roe linasainidwa mu January 2021, VA imaitanitsa fizi yobwezedwa kusukulu, ndipo sukulu imatembenukira kwa iwe. Akale amene anaphunzira lamuloli lisanabwere akuuzani kuti ngongole yonse imakhala ku VA. Zinasintha zimenezo.

Mbali ya VA inayenda mwadongosolo kusiyana ndi mmene ndinkaopera. Pali zimene amati mitigating circumstances, zifukwa zimene sunazifune: matenda, maliro m'banja, kusinthidwa kwa ntchito, kusowa mwadzidzidzi wokusamalira ana, kuitanidwanso ku usilikali. Bwana wanga analemba kalata yonena tsiku limene shifiti inasintha ndi maola atsopanowo, SCO anaitumiza ku VA, ndipo a VA atavomereza chifukwacho ngongole inawerengedwa kuyambira tsiku limene ndinasiya. Inatsika kwambiri. Yotsalayo ndinapempha kulipira pang'onopang'ono. Ngati simungakwanitse n'komwe, pali fomu ya VA 5655 yofotokoza mmene chuma chanu chilili, mutha kupempha kuti akukhululukireni kapena akuchepetsereni. Chachikulu, onani masiku amene alembedwa m'kalatamo ndipo muyankhe asanathe. Mukaiponya mu drowa adzadula pa ndalama za temu yotsatira, ndipo ikakhalitsa imapita ku Treasury, dipatimenti ya boma ya zachuma, komwe amagwira ngakhale ndalama zanu zobwezedwa za msonkho.

Tsopano ofesi ya zachuma ya pasukulu. Anthu amenewa!

Anatseka akaunti yanga kuti ndisalembetse makozi a temu yotsatira, n'kuwonjezera chindapusa chochedwa kulipira, nkhani yanga ikadali kuunikidwa. Ndinajomba kuntchito, tsiku lathunthu losalipidwa. Ndinatenga kapepala ka nambala pamakina, n'kukhala pa mpando wapulasitiki moyang'anizana ndi mawindo anayi, lotsegula limodzi. Nambala itakwana, mayi wa pawindo anati, "Izi n'za asilikali, pitani ku ofesi yanu." Ofesi yathuyo ili kutsidya kwa kampasi, ndipo ndinapeza kapepala pachitseko kuti SCO ali ku msonkhano mpaka masana. Atabwera anandisindikizira pepala losonyeza kuti zonse anatumiza kale. Ndinabwerera nalo, nambala yatsopano, mzere watsopano, pawindo munthu wina. Ameneyo analiyang'ana pepalalo ngati lalembedwa m'chilankhulo cha kwathu, n'kunena kuti amene angachotse chindapusa ndi abwana, ndipo abwanawo aweruka kale. Ndinafunsa kuti, "Nanga dzina lawo ndani, ndiwalembere?" Anandipatsa imelo ya ofesi yonse, ija imayankha yokha kuti talandira uthenga wanu.

Chindapusacho anachichotsa pambuyo pake SCO atalemba yekha, koma makozi amene ndinkafuna anali atadzaza. Ndipo fizi sinathe yonse. VA inalipira gawo la masiku amene ndinaphunzira, lotsalalo sukulu inati malinga ndi malamulo ake nthawi yobweza fizi inali itadutsa. Linatuluka m'thumba mwanga. Malamulo obweza fizi a sukulu yanu muwawerenge temu isanayambe, ali pa webusaiti, kungoti amabisala.

Chinanso ndakumbukira: meseji ya VA ija imabwera kumapeto kwa mwezi yofunsa ngati mukuphunzirabe monga munalembetsera. Makozi akasintha musangoyankha Yes mwachizolowezi, mukungokulitsa ngongole. Kusayankhanso miyezi iwiri yotsatizana kumaimitsa ndalama ya nyumba. Ndipo amene muli ndi Pell Grant, thandizo lina la boma la ophunzira, pamwamba pa GI Bill, mukasiya makozi onse temu isanadutse 60 peresenti, kumenekonso kukubwera bilu yakeyake.

SCO wathu, nditamufotokozera zonse, anatenga kapepala n'kundiwerengera m'mphindi zochepa zimene zikanachitika ndikanachotsa kozi imodzi yokha n'kulimbana nayo inayo. Ndiye ndibwerezenso: musanadine chilichonse, pitani kwa SCO, mumufunse ngati mwayi wa makirediti 6 ukadalipo ndi makirediti angati amene mutsale nawo, ndipo yankho lake akupatseni pa imelo.