Mtsuko wa buluu pa benchi yanga ku Stourbridge

Ntchito yanga kuno ku Stourbridge, tauni ya ku England, ndi yosema zithunzi pa galasi la mitundu iwiri, luso lotchedwa cameo. Lolemba mtsuko unafika kuchokera kwa mnzathu wouzira galasi. M'kati mwake ndi buluu woderako, kunja wavekedwa galasi loyera, losaonekera. Ndisanaugwire ndi pensulo ndinaupenda kaye pa nyali kufufuza timathovu ta mpweya. Chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni sichioneka ndi maso: magalasi awiriwa akapanda kufutukuka ndi kunyala mofanana potentha ndi pozizira, mtsuko umang'aluka wokha, nthawi zina ntchito itatha kale.

Lachiwiri ndinajambula maluwa pa choyeracho n'kuwaphimba ndi pepala la labala, kenako ndinapopera mchenga ndi makina kuti choyera chosaphimbidwa chiperepeseke, buluu atulukire. Akale kuno ankaphimba ndi phula n'kuviika mtsuko mu asidi wa hydrofluoric, amene amadya galasi komanso amalowa m'thupi mpaka m'mafupa. Ameneyo ine sindimufuna pafupi.

Ntchito yeniyeni inayamba Lachitatu, pa timawilo ta kopa ndi tizitsulo tosongoka. Anthu ambiri amaganiza kuti timapakapo utoto. Ayi ndithu. Mthunzi wonse wa duwa umachokera pa kuchindikala kwa choyera. Ukachisiya chochindikala chimawala mbee, ukachipala n'kutsala kochepa buluu wa pansi amayamba kuonekera, tsamba n'kukhala ngati lapindika. Ukapitirira pang'ono chabe, wabowola, ndipo galasi silimatika ngati dothi la mbiya. N'chifukwa chake ndimapala pang'ono, kupukuta, kuyang'ana pa nyali, n'kupalanso. Tsiku lonse linathera pa masamba ochepa, Lachinayi chimodzimodzi, khosi lili gwa.

Msana ukamapweteka ndimakumbukira John Northwood wa kuno komweko, amene anatha zaka zitatu akusema chofanizira cha Portland Vase, mtsuko wa Aroma umene uli ku British Museum ku London, n'kumaliza mu 1876. Wakewo unang'aluka ali pafupi kumaliza, koma anapitiriza. Luso la George Woodall, wosema galasi wa ku kampani ya Thomas Webb & Sons, makamaka posema nsalu zopyapyala pa matupi a anthu, ine ndimaona kuti palibe walifikapo mpaka lero.

Lachisanu mayi amene anaitanitsa mtsukowu anaimba foni kufunsa ngati angadzautenge Loweruka. Ndinawauza kuti mbali imodzi yokha ndi imene yayamba kuoneka, adikire mwezi wamawa. Anadandaula pang'ono, kenako anafunsa ngati ndingawonjezerepo gulugufe.