Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Pakhomo pa vidiyo ya amalume ku Lizulu

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene dzina langa linasowa pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku Fomu 1. Amayi sanataye nthawi ndi kudandaula. Anati kumudzi kwandichulukira anzanga a mpira, ndiye ndinyamuke ndipite kwa alongo awo ku Lizulu ndikabwereze Sitandade 8 kumeneko. Munali mu 1991.

Amalume anali m'gulu la anthu omaliza kubwerako ku Teba. Mu 1988 boma lathu ndi eni migodi ya ku South Africa anasemphana pa nkhani yoyeza magazi, kulemba anthu kunaima, amuna ambirimbiri n'kubwerera kwawo. Anzawo anafika ndi njinga, mabulangete ndi mawayilesi a makaseti. Iwo anafika ndi TV, deki ndi kajenereta. Anthu anawaseka, poti dziko linalibe nyumba youlutsira kanema, TVM inadzayamba mu 1999. Koma amalume anali ataona kale ku Joni chimene chipinda chamdima ndi mabenchi chingabweretse m'thumba. Anachita lendi kanyumba kuseri kwa msika, anatseka mawindo ndi mabulangete a ku mgodi aja, bizinesi n'kuyamba.

Amene simunafikeko ku Lizulu, dziwani kuti pamenepaja msewu wa M1 ndiwo malire. Ukaima tsidya lino uli ku Malawi, ukawoloka phula uli ku Mozambique. Nthawi imeneyo nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali isanathe, ndipo anthu othawa kwawo m'dziko muno anali pafupifupi miliyoni. Ntcheu ndi Dedza zinalandira ochuluka, ambiri ochokera ku Angonia, anthu olankhula Chichewa ngati ife tomwe. Makasitomala athu ndiye anali amenewo, kuphatikiza ogulitsa kabichi ndi kachewere, anyamata okweza matumba pa malole, ndi ana a sukulu othawa kalasi.

Ine ndikaweruka ntchito yanga inali ya pakhomo: kulandira 20 tambala, kulemba dzina la filimu ndi choko pa bolodi, kubweza tepi, ndi kupukuta mutu wa deki ndi kansalu konyowetsa sipiriti chithunzi chikayamba kugwa mizere. Matepi ankabwera ndi madalaivala a mathiraki, ojambulidwa kuchokera ku tepi ina, imenenso inajambulidwa ku inzake, moti nkhope za anthu zinkaoneka zofiirira mbali imodzi. Filimu inkatenga zaka kuti itipeze. N'chifukwa chake pafupifupi zonse zimene zinali m'katoni ya amalume zinali za pakati pa 1980 ndi 1989, ndipo zaka khumi zimenezo ndi zimene ndimazidziwa pamtima kuposa zina zonse. Munthu akandifunsa mafilimu abwino kwambiri a nthawi imeneyo sindiyankha za m'mabuku, ndimayankha zimene ndinaonera nditaima pachitseko, ndalama zili m'chitini.

Zobweretsa ndalama zinali zodziwika. Ndikalemba Commando, ya 1985, mabenchi ankadzaza jenereta isanalire. Arnold Schwarzenegger akungotulukira atasenza chipika paphewa, chipinda chonse m'manja. Rambo yachiwiri, ya chaka chomwecho, chimodzimodzi. Panalinso za Chuck Norris, Missing in Action ndi The Delta Force, komanso American Ninja, zitatuzi za kampani ya Cannon ya Menahem Golan ndi Yoram Globus, anthu amene ankatulutsa mafilimu motchipa ndiponso mothamanga. Kickboxer ya 1989 inasautsa makolo: Van Damme ataoneka akulimbitsa miyendo pomenya mtengo, ana a pa Lizulu anayamba kumenya mitengo ya mapichesi ya eni, ena kufika kusukulu akutsimphina. Zonsezi ndinkazikonda, koma ukaonera kachitatu umayamba kuwerenga ndalama m'malo moyang'ana. Ekitala sapwetekeka, zipolopolo sizimuthera, adani amangobwera pamzere kudzafa.

Imene sindinatope nayo ndi Police Story ya Jackie Chan, ya 1985, yomwe anaitsogolera yekha ku Hong Kong. Tepi yathu mawu ake anali owonongeka, koma panalibe wodandaula, chifukwa nkhani yonse thupi la munthu uja linkafotokoza. Imayamba ndi apolisi akuzinga zigawenga m'mudzi wa zisakasa womangidwa pamtsetse, kenaka magalimoto akutsetsereka kupyola m'kati mwa nyumbazo, malata ndi matabwa zikuuluka. Usanapume, iye walendewera kunja kwa basi ndi chogwirira cha ambulera. Kumapeto ndewu ili m'sitolo yaikulu ya nsanjika, magalasi akusweka mbali zonse, ndiye iye adumphira chitsulo chachitali chokulungidwa ndi timababu, n'kutsetsereka nacho mpaka pansi, moto ukuthetheka. Amaonetsa katatu kudumphako, kuchokera mbali zosiyana, ndipo anthu athu ankafuna kachinayi. "Bwezani pamenepo!" Amalume ankakana, ati kubwezabweza kumadya tepi. Manja anapsadi pojambula pamenepo. Ndipo mayina akamakwera kumapeto, m'malo moti anthu atuluke ankakhala, chifukwa ankaonetsa zimene zinalakwika pojambula: wina waphonya, wina wagwa moipa, anzake akumunyamula. Mnyamata wina wokweza matumba ananena kuti uyu yekha ndiye amagwira ntchito ndalama yake, enawa amangotukumula minofu. Mpaka lero ndikugwirizana naye.

Koma imene inasintha ntchito yanga ndi First Blood, ya 1982, Rambo yoyambirira. Tsiku loyamba kuionetsa kunali madandaulo. Anthu anali atazolowera Rambo wophulitsa misasa, ndiye apa akuona munthu woyenda pansi, jekete lakutha, akufunafuna mnzake wa ku nkhondo ya ku Vietnam, n'kumva kuti anamwalira ndi khansa. Filimu yonse munthu woonekeratu kuti wafa ndi mmodzi, wapolisi wogwa mu helikopita. Ena anafuna ndalama zawo ziwabwerere. Koma bambo wina wa ku Angonia, wogulitsa makala, amene ankakonda kukhala benchi la kumbuyo pafupi ndi ine, anandikoka malaya. "Iwe mwana wa sukulu, wapolisiyo akumuuza chiyani?" Ndinawauza kuti mlendoyo akungofuna pogula chakudya, koma mkulu wa polisi wamutengera kunja kwa tauni, ati anthu ngati iye sakufunika kuno. Atabwerera, wam'gwira vakabu. Nditangotchula vakabu, mabenchi awiri anatembenuka. Amene anali asanagonepo m'selo pa mlandu umenewo anali ndi m'bale wake amene anagonamo.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumasulira mokweza. Chingerezi changa cha Sitandade 8 chinkagwira pang'ono, kwinako ndinkalumikiza ndi maso. Amuthira madzi a paipi, afuna kumumeta ndi lumo, iye akumbukira zimene anamuchita ku ukaidi, athawira kuphiri. Adumpha pathanthwe n'kugwera mumtengo, mkono ung'ambika, adzisoka yekha ndi singano. Pamenepo azimayi ochepa amene analimo ankabisa nkhope m'zitenje. Kumapeto, pamene aliyense akudikira kuti amalize mkulu wa polisi uja, munthu wamkulu agwa pansi n'kuyamba kulira pamaso pa bwana wake wakale, Colonel Trautman. Sylvester Stallone amalankhula pamenepo mawu osamveka bwino, ndinachita kumvetsera masiku angapo kuti nditole: kunkhondo ankayendetsa akasinja ndi zida za ndalama zambiri, kwawo akulephera kusunga ngakhale kaganyu koimika magalimoto; mnzake anaphulitsidwa ndi bomba lobisidwa m'bokosi la kamnyamata kopolisha nsapato, iye n'kumafunafuna miyendo yake osaipeza.

Bambo a makala aja anabweranso mawa lake, ndi mkuja, nthawi zonse filimu yomweyo. Rambo yachiwiri ankatuluka isanafike pakati. Anandiuza kamodzi kuti mfuti yotero ikalira nthawi yaitali choncho mpope wake umatentha, sungaigwire, ndipo munthu amene ali pafupi ndi bomba samadzuka n'kuthamanga, amakhala wogontha masiku. Sindinawafunse kuti akudziwa bwanji. Pa Lizulu nthawi imeneyo munthu wa tsidya lija sunkamufunsa kuti anali mbali iti.

Masiku ano achinyamata akuonera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ, mawu olowetsedwa kale pa kompyuta. Ife tinkachita pakamwa, utaima, fungo la petulo likulowa pazenera, ndipo ukanama kwambiri mphunzitsi wina amene wakhala kutsogolo ankakudzudzula pomwepo.

Tsiku la msika masana amalume ankaika The Gods Must Be Crazy, ya 1980, chifukwa ndi yokhayo imene azimayi ankalowa ndi ana kumbuyo. Botolo la Coca-Cola litayidwa kuchokera m'ndege m'chipululu cha Kalahari, libweretsa mkangano pabanja limene silinkalimbirana kanthu, bambo wa pabanjapo aganiza zokalitaya kumathero a dziko. Land Rover yopanda mabuleki ija, imene imathera m'mwamba mumtengo itadzikoka ndi chingwe chake chomwe, inkagwetsa anthu pabenchi ndi phwete. Amalume nawonso ankaseka, koma usiku wina tikutseka anati, "Mphwanga, waimva mmene mzungu wofotokozayo akuwanenera anthu aja? Ngati akunena za nyama za kutchire. Azungu a ku Joni amatikonda tikakhala choncho, osavala, osafunsa za malipiro." Filimuyi anaipanga ndi Jamie Uys wa ku South Africa, tsankho lili pachimake. Ndimaisekabe, koma mawu a amalume amabwera limodzi ndi kusekako. Coming to America ya Eddie Murphy sinkayenda bwino kwathu, nthabwala zake zili m'mawu ndipo ine zinkandipitirira. Disco Dancer ya Amwenye inali yaitali, yodya petulo, koma nyimbo zake ana ankaziimba msika wonse osadziwa tanthauzo.

Pansi pa katoni panali tepi ina yolembedwa kunja kuti Delta Force, koma m'kati munali zina. Amalume anaitulutsa patapita milungu ingapo chiwerengedwere kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992. Inali nthawi ya usiku, makasitomala atapita. Munali aphunzitsi awiri, bambo wina wa zaumoyo, amalume ndi ine, ndipo mawu anatsitsa mpaka tinachita kusendera pafupi. Inali Cry Freedom, ya 1987, ya Richard Attenborough, yojambulidwa ku Zimbabwe. Denzel Washington ndiye Steve Biko, amene anafera m'manja mwa apolisi pa 12 Seputembala 1977 atamunyamula ali maliseche kumbuyo kwa galimoto kuchokera ku Port Elizabeth mpaka ku Pretoria, nduna n'kulengeza kuti wafa chifukwa chokana kudya. Ndinene chilungamo, theka lachiwiri limafooka: Biko akangofa nkhani imasanduka ya mkonzi wa nyuzipepala wachizungu, Donald Woods, akuthawira ku Lesotho atavala ngati wansembe. Koma pomaliza penipeni pamakwera mayina a anthu amene anafera m'ndende, lililonse ndi chifukwa chimene boma linapereka. Uyu anagwa pa masitepe. Uyu anaterereka posamba. Uyu anadzimangirira. Apa sanafune kuti ndimasulire. Mmodzi wa aphunzitsi aja anangoti, "Kwathu kuno imakhala ngozi ya galimoto." Tonse tinadziwa kuti akunena za Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anapezeka atafa ku Mwanza mu Meyi 1983. Aka kanali koyamba kumva munthu wamkulu akuiyandikira nkhani imeneyo ndi pakamwa. Amalume anadzuka, anakasuzumira panja, n'kundiuza kuti ndikangoyerekeza kunena kusukulu ndibwerera kwa amayi ndi basi ya m'mawa.

Nditakula ndinadzaona kuti akatswiri olemba za mafilimu akamasanja za zaka zimenezi amaika pamwamba Raging Bull, E.T. ndi Do the Right Thing. Ndinazionera, ndi zabwinodi, makamaka yomalizayi. Ndinadzaoneranso Yeelen ya Souleymane Cissé wa ku Mali, imene inapata mphoto ku Cannes mu 1987, ndipo zinandiwawa kuti filimu ya mu Africa yotere sinkafika m'makatoni a madalaivala athu pamene za ninja zinkafika mulu. Koma pa mndandanda wanga First Blood ndi Police Story sizisuntha, Die Hard ya 1988 ikubwera pambuyo pawo chifukwa cha Bruce Willis kuyenda wopanda nsapato pa magalasi osweka, n'kumadzizula zidutswa kuphazi akubuula. Anthu a pa mabenchi athu ankayenda opanda nsapato, ululu umenewo sunkafuna womasulira.

Chaka chomwecho cha 1992 mvula inakana. Chimanga chinakwera mtengo, 20 tambala ya vidiyo inasanduka ndalama ya mgaiwa, ndipo masiku ena tinkaliza jenereta chifukwa cha anthu asanu. Mu Okutobala a Frelimo ndi a Renamo anasainirana mtendere ku Rome, makasitomala athu a tsidya lija n'kuyamba kukamba zobwerera kukaona minda yawo. Amalume anawerengera, anaona kuti sizikutuluka. Deki ndi TV anagulitsa kwa mwini bala wina wa ku Ntcheu boma, matepi anapereka ngati basera kupatula imodzi ija, ndalama n'kugula matumba a chimanga ndi feteleza wa kachewere. Jenereta anasunga.

Mayeso ndinali nditalemba kale, ndipo ulendo uno dzina linatuluka. Za sutikesi yachitsulo imene amalume anandipatsa, ndi mmene anyamata a Fomu 2 anandilandirira usiku woyamba ku sukulu yogonera komweko, ndikamba m'gawo lotsatira.