Lole inanyamuka Lachiwiri, masewera ali Loweruka

Ndine woyang'anira zovala ndi zida za timu ya mpira pa yunivesite ina yapakati pa dziko la America. Mpira wake si womenya ndi phazi uja ayi, ndi wosongoka uku ndi uku, wothamanga nawo m'manja, womwe anyamata amagundana mitu atavala zisoti. Timasewera mu ligi ya Big Ten, dzina lomwe linatsalira m'mbuyo kalekale, chifukwa mu 2024 matimu anafika 18 zitalowa Oregon, Washington, USC ndi UCLA, mayunivesite a kugombe la kumadzulo kwa dzikoli. Akuluakulu anaona ndalama za pa TV. Ine ndinaona mtunda wopitirira makilomita 3,000 wokafika kunyanja ya Pacific, ndipo sabata ina ya chaka chimenecho unandigwera.

Lamlungu kunali kuchapa basi. Majezi, masokosi, mataulo, makina osapuma mpaka madzulo. Lolemba anyamata anapuma, poti malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'mayunivesite, amalamula tsiku limodzi lopuma pa sabata, koma lamulolo ife silitiwerengera. Ndinakhala pansi ndi zisoti, chimodzichimodzi, kumanga zomangira ndi kusintha zitsulo zotchinga kumaso zomwe zinapindika.

Mutu unayamba kuwawa Lachiwiri. Ulendo wapafupi lole imanyamuka Lachinayi kapena Lachisanu, koma uwu inayenera kunyamuka usiku womwewo, madalaivala awiri osinthana. Tsono anyamata anali akadali ndi zoyeserera Lachitatu ndi Lachinayi. Chisoti cha munthu chimayezedwa pamutu pake, simungamubwereke cha mnzake. Ndiye tinagawa katundu pawiri: mabokosi a m'mbali mwa bwalo, majasi a mvula, nsapato zapadera ndi zomvera m'makutu za aphunzitsi pa lole, zisoti ndi zotchinga mapewa zitsale kudikira ndege. Ndinawerenga mndandanda katatu. Ophunzira amene amatithandiza anandiseka kuti ndakalamba, koma amene anaiwalapo katundu kutali chotero saseka.

Ndipo ndinaiwaladi. Chaka chomwecho analoleza kawayilesi m'chisoti, koti mphunzitsi azilankhula ndi wosewera mmodzi m'bwalo. Chisoti chotero chimakhala ndi kadontho kobiriwira kumbuyo, ndipo mawu amadulidwa wotchi ikatsala masekondi 15 kuti mpira uyambike. Mabatire apadera a timawayilesito ndinawaponya m'bokosi la pa lole, pomwe amafunika pa zoyeserera za Lachitatu. Quarterback wathu, wosewera woponya mpira amene amalandira malangizo a mphunzitsi, anaima pakati pa bwalo akugogoda chisoti, sakumva kanthu. Aphunzitsi sanakalipe. Anangoti, "Bambo, Loweruka zisadzatere," n'kubwerera ku zizindikiro za manja zakale zija. Kulibwino akanandikalipira.

Lachisanu tinatera, wotchi itabwerera m'mbuyo maola awiri. Lole tinaipeza itafika. Anyamata anapita kuhotela, ife kubwalo, kukapachika jezi iliyonse pamalo pake mpaka usiku. Timawayilesi ndinatiyesa ndekha, kutuma mnyamata mmodzi kumapeto kwa bwalo atavala chisoti, ine ndikuwerenga manambala.

Masewera a mu ligi ndi 9 okha mwa 12 a nyengo yonse, ndipo magulu a kum'mawa ndi kumadzulo anawathetsa: matimu awiri apamwamba pa onse 18 ndiwo amakakumana pa fainolo mu mzinda wa Indianapolis. Mukagonja kawiri, za Indianapolis muziiwala. Onani Ohio State: inagonja kwa Oregon, kenaka kwa Michigan 13-10, n'kuphonya fainolo, yomwe Oregon, mlendo wobwera dzulo, inapambana 45-37 pomenya Penn State. Koma poti mpikisano wa dziko lonse unali utakula kufika matimu 12, Ohio State yomweyo inalowabe n'kutenga chikho mu Januwale 2025. Ife tinali kutali ndi zonsezo. Tinkangosaka zipambano 6 zotipatsa masewera a bowl, masewera apadera a kumapeto kwa nyengo.

Za Lowerukalo ndinaona zochepa, monga mwa masiku onse. Lamba wa pachibwano anaduka, jezi ina inang'ambika, wina anafuna nsapato zina chifukwa kapinga ankaterera. Kawayilesi kanagwira mpaka mapeto. Tinagonja, ndipo m'ndege munali zii.

Tinafika kwathu kukucha Lamlungu. Zisoti tinali nazo, koma majezi onyowa ndi thukuta anali akadali pamsewu, m'mapiri a kumadzulo, kudikira kudzandipeza Lolemba usiku, masewera otsatira atatsala masiku 5.