Nkhukundembo pa siwa

Popeza alamu anga ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi m'magulu onse a WhatsApp, mpaka kuwonjezera zoti ndinavina, bola ndiifotokoze ndekha mwini wake. Sindinavine. Zinazo n'zoona.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti matenda anga amayamba usiku. Anthu akagona, ine ndi bandulo yanga timalowa ntchito. Ndinakulira pa Izeki ndi Jakobo, nthawi imene kuseka kunali kodikira kuti kufike pa wailesi. Pano kuli m'thumba. Vidiyo ya wanthabwala Daliso Chaponda ya pa mpikisano wa Britain's Got Talent mu 2017, pamene woweruza Amanda Holden anadina batani la golide lija, ndaionera mwina ka 40, koma nthawi iliyonse mtima umagunda ngati mwina lero sadina. Trevor Noah atasiya The Daily Show mu 2022 ndinakhumudwa ngati achotsa ntchito mbale wanga, chonsecho pulogalamuyo sindinaionerepo yathunthu, ndinkangotola tizidutswa ta pa Facebook. Koma mfumu ya mavidiyo onse m'foni mwanga ndi kavidiyo ka masekondi 20 ka bambo wina wa suti amene akuthamangitsidwa ndi nkhukundembo. Amene anakakonza anaikamo kulira kwa nkhukundemboyo, kukuwa kwa bamboyo, ndi kuseka kuja kwa munthu womveka ngati akubanika ndi chifuwa.

Ndiye tinali pa maliro a malume a akazi anga ku Dedza, mwezi wa June. Amene munagonapo panja ku Dedza mu June simufuna kufotokozeredwa. Amayi anali m'nyumba ya siwa, ife amuna panja kuzungulira moto, kutsogolo ukupsa kumbuyo ukuuma. Madzulo kwaya itatopa, kamnyamata ka alamu kanabwera n'kunena kuti, "Ankolo, foni yanu ili ndi moto wambiri, tibwerekeniko tiikepo nyimbo za Mulungu pa sipika." Ndinapereka. Muone kuti chiyambi cha zonsezi chinali kuthandiza. Kanalumikiza pa Bluetooth, nyimbo zinayimba, kenako foni inabwerera kwa ine, ndipo ndinaiwala.

Cha m'ma 2 koloko tulo tinandigwira koopsa. Kugona pa siwa ya kuchipongozi si zinthu, mawa amanena kuti mkamwini anabwera kudzapuma. Ndinaganiza zodzidzutsa mwaulemu. Ndinafunda chitenje cha akazi anga mpaka kumutu, n'kuvala timahedifoni tanga topanda chingwe, n'kutsegula nkhukundembo ija. Nthawi yomweyo n'kuti mkulu wa mpingo ataimirira kuti apemphere, koma ine m'chitenjemo sindinaone.

Vidiyo inayamba. Phee, osamveka kanthu. Ndinakweza voliyumu pang'ono. Phee. Ndinakweza mpaka kumapeto. Chapatali ndithu ndinamva ngati nkhukundembo, ndipo ndinati mumtima, timahedifoni ta mumsika nditimeneti, tikumveka ngati tili kuseri kwa nyumba. Ndinatulutsa kamodzi, n'kukapemerera, n'kukagogoda pabondo, n'kukabwezera m'khutu. Ndinabwezanso vidiyo poyambira. Chimodzimodzi. Ndinabwezanso kachitatu, chifukwa ine ndi munthu wosataya mtima msanga.

Zimene zinkachitika kunja kwa chitenje ndinachita kuuzidwa. Akuti mkulu wa mpingo anali atangofika poti, "Inu Ambuye mukudziwa chisoni chathu," nkhukundembo n'kuyankha pa sipika ndi mawu onse. Anaima kaye. Anayambiranso, bambo wa suti n'kukuwa ngati akuphedwa. Anayesa kachitatu mokweza mawu kuti apambane, basi kuseka kwa chifuwa kuja n'kuyamba, kuseka kosatha, kochita kukoka mpweya n'kuyambiranso. Sipikayo sinali yamasewera, inali yobwereka kwa anyamata oimba pa maukwati. Agalu a m'mudzi monse anadzuka. Agogo ena m'nyumba ya siwa akuti anayamba kuitana dzina la Yesu, ena n'kumati malemu akukana kupita.

Nditavundukula chitenje ndinapeza aliyense akuyang'ana sipika, mkulu wa mpingo diso limodzi lotsegula. Apa ndi pamene ndikanangokhala chete. Koma mantha amamupatsa munthu nzeru zachilendo. Ndinaimirira, n'kunena mwaukali kuti, "Kodi ndani akuchita zachibwana zimenezi pa maliro?" Ndinachita kupukusa mutu, kuyang'ana anyamata mmodzimmodzi, ngati mphunzitsi wamkulu. Foni ili m'manja mwanga, ikuwala, nkhukundembo ikuthamanga poyera, ndipo popeza vidiyo ikatha imayambiranso yokha, inalira kachinayi.

Kamnyamata kaja kanayankha ndi ulemu wonse, mpaka kugwira m'manja: "Ankolo, ndi foni yanu."

Ndinafuna kuzimitsa, chala chozizira osagwira pagalasi. Ndinadina apa, kunabwera kamera. Ndinadina apo, vidiyo ina inayamba, ya mwana woseka. Pomaliza apongozi aamuna anadzuka okha pampando, anayenda pang'onopang'ono, n'kukazula waya wa sipika. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangokhala pansi n'kunena kuti, "Pitirizani, abambo." Pempherolo linatha msanga kwambiri, ndipo "Amen" wake anthu ena anamunenera m'zipewa, mapewa akugwedezeka.

Akazi anga anatulukira pakhomo, n'kundikodola. Tili kuseri kwa nkhokwe anangofunsa funso limodzi: "Inu bambo inu, ndi nkhukundembo ija?" Ndinavomera. Anati, "Bweretsani chitenje changa." Usiku wotsalawo ndinauthera mu shati.

Tsopano ndinene mbali yanga, chifukwa alamu saitchula. Vidiyo imeneyi ananditumizira ndani? Malemu omwewo. Anali iwo amene ananditumizira pa WhatsApp chaka chatha, ndi tizithunzi ta kuseka tisanu ndi tiwiri, ndipo uthengawo ndikadali nawo. Anali munthu woti akayamba kuseka amachita kugwira mtengo. Akanakhala kuti amamva, bwenzi atapempha kuti ndibwezenso. Ndinayesa kufotokoza zimenezi m'mawa kwa amfumu, foni ili m'manja ngati umboni, koma amfumu anati umboniwo ndiubweze m'thumba usanalirenso. Anagamula nkhuku imodzi. Mmodzi wa adzukulu anafunsa ngati singakhale nkhukundembo, ndipo amfumu anachita ngati akutsokomola.

Nkhukuyo ndinagula. Pobwerera ku Lilongwe palibe amene anandilankhula m'galimoto mpaka pa Nathenje, pamene alamu omwe akundinyozawa anatembenuka n'kunong'ona kuti ndiwatumizireko.

Timahedifoni tija n'tabwinobwino, ndinatiyesa kunyumba. Ku Dedza ana akandiona amangoti gulu-gulu-gulu, n'kuthawa.